FISI WOBVALA MALAYA: Mafanizo a Nthano pa Nkhani ya Ukwati

Caka ndi caka, pa Loweruka lotsiriza la mwezi wa August, Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kudzapereka ulemu ndi mitulo kwa Kalonga Gawa Undi. Ciyambirenso mwambo wa Kulamba m'caka ca 1984, anthu akhala akupita kumeneko kukaona cuma ca makolo, monga gule wamkulu, anamwali oturuka m'tsimba ndi magule a amai. Koma ciripo cuma cina cimene sicituruka pabwalo, cifukwa malo ace ndi m'kuka, usiku, moto utayamba kuzirala. Cuma cimeneci ndi nthano.

Ambiri a ife amene tapita m'sukulu timaziyang'ana nthano ndi diso lopeputsa. Ena amati nzocezera ana. Ena, makamaka atsikana ophunzira, amaziimba mlandu wakuti ndizo zinaphunzitsa mkazi kugwada, kupirira ndi kukhala cete. Mlandu umenewu uli nao maziko, ndipo tidzaona pamene ukugwira. Komabe munthu wochera khutu bwino adzapeza kuti nthano zambiri za ukwati ndi madandaulo a akazi pa amuna ao, obisidwa m'zikopa za nyama ndi m'ziwiya za pakhomo. Tiyeni tione m'mene amai athu anawabisira, ndiponso pamene mafanizo ao analekezera njira, kuti olemba a lero adziwe poyambira.

FANIZO NCIANI?

Tikati, "Munthu uyu ngwaumbombo ngati fisi," tayerekeza zinthu ziwiri, ndipo liu lakuti "ngati" laima pakati pa izo monga mpanda. Koma tikati, "Kunali fisi amene anabvala malaya nakafunsira mbeta," mpanda uja taugwetsa. Fisi ndi munthu zasanduka cinthu cimodzi, ndipo womvera ayenera kudzipezera yekha kuti fisiyo ndani. Kumeneku ndiko kuphiphiritsa, ndipo cimene caturukapo timacicha fanizo.

Nanga nciani cinacititsa akazi kukonda njira yokhotayi? Pa mwambo wathu mkazi sadzudzula mwamuna wace pagulu. Ngakhale dzina lace salichula, amati "atate a uje." Cikamuwawa, njira yace ndi ya kwa ankhoswe, ndipo ankhoswe, pofuna kumanga banja, kawirikawiri amamuuza kuti banja ndi kupirira. Tsono madzi ukawatsekera pamtsinje amaboola pambali. Pamtondo akazi awiri amatha kuimba za mbalame ina yaulesi yosabwera ndi kanthu kucisa, mudzi wonse ndi kumamva, mwini nkhani ali cikhalire pansi pa mtengo. Sangakwiye, pakuti akakwiya wadziulula. Woimbayo akafunsidwa angoti, "Ine ndanena mbalame, kodi inu muli ndi nthenga?"

Nthano imagwira nchito yomweyo, koma imafika patali, cifukwa omvera ace ndi ana: atsikana amene adzakwatiwa mawa, ndi anyamata amene adzakwatira. Agogo akati, "Padangokhala," ana ndi kuyankha kuti, "Tiri tonse," bwalo la mirandu lakhala pansi, ndipo ana abvomera kukhala mboni. Woimbidwa mlandu sachulidwa dzina, koma mwana aliyense amadziwa nkhope imene waiona m'mtima mwace.

MWAMBO WACE UTI?

Tisananene kuti nthano zimatsutsa mwambo, tiyambe tafunsa kuti mwambo wace uti, pakuti cinenero cathu casunga mafanizo a mibadwo yosiyana, ounjikana monga phulusa la padzala.

Pansi penipeni pali mafanizo a Acewa akale. Ana obadwa kwa mai mmodzi, pamodzi ndi zidzukulu za kucikazi, timawacha bere limodzi. Gogo wamkazi amene mtundu unaphukira timamucha tsinde. Alongo a munthu ndi ana ao ndiwo mbumba yace, ndipo mwamuna wodzakwatira pamudzi ndi mkamwini, munthu wa eni ace, amene mwambi umamcenjeza kuti asamakule mwendo. Max Marwick, amene anafufuza za Acewa a m'dziko la Kawaza pakati pa 1946 ndi 1953, anapeza midzi itamangidwa pa mizati yomweyi. Ngakhale Kalonga salowa ufumu cifukwa ca atate ace. Amacokera m'bere la Nyangu. Ndipo m'zaka zathu zino mipando ya Kawaza ndi Nyanje yakhalapo ndi mafumu aakazi.

Pamwamba pace panagwa phulusa lina. Angoni anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, ndipo a Mpezeni atakhazikika kuno anaonetsa ukwati wa malowolo, umene ana amakhala a kucimuna. Mpezeni atagonja kwa Azungu mu 1898 kunadza msonkho, ndipo amuna anayamba ulendo wa ku mapulazi ndi migodi ya kumwera, pambuyo pace ku migodi ya mkuwa; ndalama zinalowa m'thumba la mwamuna, khasu linatsala m'manja mwa mkazi. Amishoni a Dutch anamanga Magwero mu 1899, Madzimoyo mu 1903 ndi Nyanje mu 1905, nalalikira banja limene mwamuna ndiye mutu wace.

Mverani tsono miyambi imene ambiri amaiyesa ya makolo akalekale. "Ng'ombe yaikazi sikoka ngolo." "Mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda." Kodi makolo a ku Kaphirintiwa anaiona kuti ngolo yokokedwa ndi ng'ombe? Kabudula anamsoka ndani? Miyambi imeneyi yadziulula yokha msinkhu wace: ndi ana a dzulo, obadwa m'nthawi ya sitolo ndi cibalo. Bere ndi tsinde nzakale kuposa izo. Sitikunena kuti kale mkazi anali mfulu. Anali pansi pa malume ndi nkhoswe, ndipo nayenso anali kugwada. Tikunena kuti panalibe nthawi imene Acewa onse anali ndi liu limodzi pa za mwamuna ndi mkazi. Mkanganowu ngwakale, ndipo nthano ndiyo inali pakamwa pa mbali imene sinali kuloledwa kulankhula pabwalo.

NAMWALI WOKWATIWA NDI FISI

Nthano iyi njodziwika m'maiko ambiri, ndipo Alice Werner anailemba m'buku lace la 1933 monga inasimbidwira pakati pa Anyanja. Namwali wina wokongola anakana anyamata onse a m'mudzi mwao. Tsiku lina kunafika mlendo wosalala khungu, wooneka bwino, ndipo namwali anamlola pomwepo. Mlendo anapempha kumtenga kunka naye kwao. Mlongo wace wa namwaliyo, kamnyamata kodwala maso kamene anthu anali kukanyoza, kanawatsata pambuyo ngakhale anakapitikitsa. Usiku kamnyamata sikanagone, ndipo kanaona mlamu wace ndi abale ace atasanduka afisi, akuzungulira nyumba ndi kupangana kuti ayambe adikira nyama yao inenepe. M'mawa namwali sanakhulupirire. Kamnyamata kanammanga cingwe ku cala, ndipo usiku afisi atabweranso kanakoka cingweco, namwali nadzimvera yekha. Pamenepo kanasema nguli yaikuru, kanaika mlongo wace m'dengu, ndipo anauluka kubwerera kwao.

Mphunzitsi wofulumira adzati phunziro lace ndi lakuti mtsikana asamasankhe, akwatiwe ndi amene akuru amdziwa. Phunziro limenelo lirimo ndithu, ndipo apa mpamene mlandu wa atsikana ophunzira uja ukugwira. Koma taonani pamene fanizo lagwera. Namwali wakhalabe munthu kuyambira paciyambi kufikira pamapeto. Amene wabvekedwa cikopa ca cirombo ndi mwamuna. Agogo amene akusimba akuuza adzukulu ao kuti munthu angathe kukhala waulemu usana, wopatsa moni bwino pabwalo, nakhala cirombo usiku citseko citatsekedwa. Mudzi umaona malaya okha. Mano amawaona ndi mkazi. Ndi akazi angati lero amene amati akadandaula amayankhidwa kuti, "Bambo aulemu aja? Iai, mukuwanamizira"?

Taonaninso kuti ngozi ikuyamba pamene namwali wacoka pamudzi pa amai ace. Ici ndi ciweruzo ca mudzi wacikamwini pa citengwa: kutali ndi bere lako, ukalira amva ndani? Kudikira kuti nyama inenepe kukutikumbutsa za mphatso ndi mau okoma a masiku oyamba. Ndipo cingwe ca kucala cija nco cibale, cimene cimaoneka cacing'ono ndi conyozeka, koma ndico cimadzutsa munthu m'tulo ta imfa.

Komabe nthanoyi iri ndi polekezera pace, ndipo woweruza moona ayenera kupanena. Namwali sanaseme nguli. Anaikidwa m'dengu monga cimanga, nanyamulidwa kucoka m'manja mwa mwamuna kunka m'manja mwa mlongo wace. Kamnyamata kaja mawa kadzakhala malume, ndipo malume wakale anali ndi mphamvu ngakhale yopereka mwana wa mlongo wace kuti alipire mlandu. Nthanoyi yatsutsa ulamuliro wa mwamuna wapabanja pokweza ulamuliro wa mwamuna wapacibale. Mkazi wangosintha mwini.

Cinanso coyenera kucisinkha ndi dzina la fisi lenilenilo. Makolo analipatsa mwamuna wolowa usiku m'nyumba ya eni pa miyambo ina ya cinamwali ndi ya banja losowa mwana, miyambo imene mafumu a Acewa, motsogozedwa ndi Kalonga Gawa Undi, akhala akuiletsa. Anthu amene anali kusunga mwambowo sanamuche mkango kapena njobvu. Anamucha nyama yoyenda mumdima, yodya cimene sinasake. Ciweruzo cinali kale m'dzinamo, cikudikira mbadwo wolimba mtima kuti ucichule poyera.

UCI WA PADZALA

Nthano yaciwiri, imene imasimbidwanso pakati pa mitundu yoyandikana nafe, njakuthwa kuposa yoyamba. Kunagwa njala. Bambo wina anapeza uci kuthengo, nauthira mumbiya, naikwirira padzala pamene mkazi wace amataya phulusa, nazikapo bango lotulukira pamwamba. Madzulo, mkazi atapereka timasamba timene anafuna tsiku lonse, bambo anati, "Idyani inu ndi ana, ine ndikadya phulusa." Anagwada padzala, nauza ana kuti azimuimbira ndi kuomba m'manja, iye namayamwa uci ndi bango lija. Ana anali kuonda, atate ao akusalala. Mkazi anazindikira, nafukula mbiya bambo atacoka, nagawira ana uci, nathiramo madzi a phulusa. Madzulo bambo anayamwa, natsamwa, ana akuimbabe.

M'nthano iyi mulibe cirombo, koma ciwiya ciriconse ciri ndi mau. Phulusa ndi cotsala ca nchito ya mkazi, cizindikiro ca moto umene iye amausonkha tsiku ndi tsiku. Ndipo mwamuna wabisa cuma cace pansi pa thukuta la mkazi wace. Bango ndi njira yobisika imene cakudya ca banja cimapitira m'mimba imodzi. Koma columa koposa ndi bodza la kudzipereka. Bambo uyu sakuba mwakacetecete. Akufuna atamandidwe kuti ndiye wobvutikira banja, ndipo ana amene akuwabera ndiwo akumuombera m'manja. Wopeka nthanoyi analoza cala pa mwambi wakuti mwamuna ndiye wodyetsa banja, nafunsa kuti, "Tiyeni tifukule, tione cimene ciri pansi pace."

Kuti izi sizinali zongopeka, mbiri ikucitira umboni. Megan Vaughan, m'buku lace la 1987 lonena za njala ya 1949 ku Nyasaland, anafunsa anthu a m'boma la Blantyre zimene anali kukumbukira. Amuna anasimba za maulendo atali ofuna cakudya. Akazi, makamaka m'nyimbo zao za pamtondo, anakumbukira amuna amene anapita kukafuna cakudya nakakwatira komweko osabweranso. Njala imodzi inasiya mbiri ziwiri, ndipo ya akazi inasungidwa m'mafanizo.

Lero mbiya ija sinasowe. Banja limalima limodzi thonje, soya kapena cimanga, mkazi napalira ali ndi mwana kumsana. Koma tsiku la malonda alipo amuna ena amene amapita okha ku Katete kapena ku Sinda, nabwerako patapita masiku atatu ndi nkhani yaitali ndi thumba lopepuka. Bango la masiku ano lingathe kukhala lamya ya m'manja imene ndalama zimalowamo mkazi osaziona.

Nthanoyi yapambana ya fisi pa cinthu cimodzi cacikuru: mkazi sanadikire mlongo wace. Anayang'ana, anaganiza, anafukula yekha. Sanamenye munthu, sanathawe pabanja. Anangocititsa kuti bodza la mwamuna lisanduke zoona, pakuti amene anati akudya phulusa anadyadi phulusa. Cilango cace ndi kuseka kwa ana, ndipo mnyamata amene anaseka nao usiku umenewo adzakumbukira kukoma kwa phulusa tsiku limene adzagwira ndalama za banja lace.

KAMDOTHI

Si mafanizo onse amene amaseketsa. Mkazi wosabala, wotopa ndi kunyozedwa, anaumba mwana ndi dothi, ndipo mwanayo anakhala wamoyo, namasewera ndi anzace. Mai ace anali kumcenjeza kuti mitambo ikada azithamangira kunyumba. Tsiku lina anasewerera kutali, mvula inampeza panjira, ndipo anasungunuka mai ace akuona.

Kuumba mbiya ndi luso la akazi, ndipo pano mkazi walenga mwana ndi manja ace, ndi nzeru yace ya pa dothi. Ena amati nthanoyi imalanga kusamvera kwa ana. Koma ana akamva nthanoyi salira cifukwa ca kusamvera kwa Kamdothi. Amalirira mai uja. Mudzi umene umayesa mkazi ndi mimba yokha, umene banja likasowa mwana umayamba kuloza mkazi usanafunse za mwamuna, ndiwo unamkankhira ku dothi. Ulemu umene anaupeza unali wosakhalitsa ngati dothi losaocha, pakuti unatsamira pa cinthu cimene mvula imodzi ingacotse. Nthanoyi sipereka yankho. Imangokhazika womvera pambali pa munthu amene mudzi wonse unamuika kunja, ndipo imeneyo ndi nchito yaikuru.

AMUNA NAONSO ALI M'GOLI

Tingalakwe tikayesa kuti mwambo unamanga akazi okha. Nthano za mkamwini nzambiri, ndipo imodzi imati: mkamwini watsopano anampatsa ndiwo zokoma kwa apongozi, koma iye, pofuna kuoneka wodziletsa, anati sadya zimenezo. Usiku njala itamkola anakwawira kumphika, nalowetsamo mutu kuti anyambite, mutu nukanirira momwemo. Kunaca ali cibvalire mphika pamaso pa apongozi ace.

Timamseka, koma mphikawo ukunena zambiri. Munthu uyu ali pamudzi pa eni, amalima munda wosakhala wace, sangalankhule ndi apongozi maso ndi maso, ndipo anamphunzitsa kuti mwamuna salira, sapempha, saonetsa njala. Manyazi amene anamletsa kunena zoona usana ndiwo amphimba nkhope m'mawa. Mwambo umene unatseka pakamwa pa mkazi kuti asadandaule unatsekanso pakamwa pa mwamuna kuti asanene kusowa kwace, ndipo anthu awiri osauzana zoona ndiwo amabisirana mbiya.

Amuna anali nalo bwalo laolao la mafanizo, ndilo gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005. Za kudambwe sitizikhudza, pakuti ziri ndi eni ace. Tinena zokhazo zimene aliyense amaona pabwalo. Matthew Schoffeleers, amene anafufuza kwambiri za cipembedzo ca makolo athu, anaona kuti m'midzi imene nthaka ndi ana nza kucikazi, gule anapatsa amuna malo ao ndi liu lao. Komabe cimodzi ca zirombo zolemekezeka koposa, Kasiyamaliro, amacimasulira ngati mai wa mtundu, monga anafotokozera Claude Boucher wa ku Mua. Ngakhale pabwalo la amuna, tsinde silinaiwalike. Ndiponso gule sakoma popanda amai oyankha nyimbo ndi kuomba m'manja. Mbali ziwirizi zakhala zikuyankhana ciyambire kale.

NTHANO ITALOWA M'BUKU

Zinthu zinasintha pamene nkhani zinayamba kusindikizidwa. Sukulu zoyamba zinaphunzitsa anyamata ambiri kuposa atsikana, cotero colembera cinagwera m'manja mwa amuna, makamaka aphunzitsi a mishoni. Samuel Josia Ntara analemba Nthondo, buku limene linapata mphotho mu 1933, lotsata moyo wa mwamuna mmodzi kuyambira kubadwa kufikira kufa. Bungwe losindikiza mabuku a zinenero zathu la Northern Rhodesia ndi Nyasaland litakhazikitsidwa mu 1948, mabuku a Cinyanja anacuruka, ndipo tiyenera kuwathokoza olemba ace cifukwa anasunga cinenero cokoma. Pambuyo pace Julius Chongo anatenga luso la kusimba nalikweza pa wailesi m'Poceza m'Madzulo, anthu namasonkhana kumvera monga kale anali kusonkhanira pamoto.

Koma pa ulendo wocoka m'kuka kunka m'buku, katundu wina anagwa panjira. Woyamba ndi wosimba mwini. Nthano ya uci ikaturuka pakamwa pa gogo amene anaona njala, ana amadziwa mbali imene iye waima. Ikalembedwa ndi munthu wosadziwa kulemera kwa munsi, imasanduka nkhani yoseketsa cabe. Ndiponso diso linatembenuka: mkazi amene anali woweruza anasanduka woweruzidwa. Buku la Jacob Zulu lochedwa Zomfula Mkazi Wacimasomaso lagamula mlandu pa cikuto pomwe, wowerenga asanatsegule tsamba loyamba.

Katundu waciwiri ndi ufulu wa womvera. Mabuku a sukulu anazolowera kupacika mcira kumapeto kwa nthano iriyonse, wakuti, "Nthano iyi itiphunzitsa kuti..." Mcira umenewu umasankha tanthauzo limodzi, kawirikawiri lokomera akuru ndi amuna, nutsekera kunja ena onse. Mwana amene waloweza kuti nthano ya fisi imaletsa kunyada sadzafunsanso cifukwa cace mkwati ali ndi mano. Agogo sanali kumasulira. Anali kungoti yathera pompo, ana nakagona nayo, ndipo tanthauzo linali kudzawapeza patapita zaka, pakuti mau a akuru amakoma akagonera.

KWA INU AMENE MUDZALEMBA

M'caka ca 2023 dziko la Zambia linakonza lamulo la ukwati kuti munthu wosakwana zaka 18 asakwatire kapena kukwatiwa, ngakhale pa ukwati wamwambo. Malawi anali atakonza kale malamulo ace akuru pa nkhani yomweyi mu 2017. Malamulo otere ngofunika, koma lamulo limagwira dzanja lokha. Mnyamata amene m'mutu mwace mkazi ndi munda wogula, ndi mtsikana amene anamuuza kuti iye ndi citenje cothera pakhomo, adzamanga banja lofanana ndi zithunzi zimenezo, lamulo likhalepo kapena lisakhalepo. Cithunzi cimacotsedwa ndi cithunzi cinzace, ndipo imeneyi ndi nchito ya osimba ndi olemba.

Cifukwa cace, inu amene mwatsiriza sukulu ndipo muli ndi njala ya kulemba, mukamva fanizo lirilonse la ukwati, lifunseni mafunso awa. Ndani wabvekedwa cikopa ca nyama, ndipo ndani wasiyidwa ali munthu? Ndani akucita kanthu m'nkhaniyo, ndipo ndani wangonyamulidwa m'dengu? Pomaliza akuseka ndani, ndipo akusekedwa ndani? Mafunso amenewa adzakuonetsani ngati fanizolo likumasula munthu kapena likumanga mfundo ina pa cingwe cakale.

Polemba zanu, musapite kutali kukafuna mafanizo. Mphika sukhala pa phuwa limodzi. Mtondo ndi munsi zikasiyana palibe ufa. Denga salisenza mutu umodzi. Zinthu izi owerenga anu amazigwira tsiku ndi tsiku, ndipo sangazikane kuti nzacilendo. Musatembenuze cabe nthano zakale kuti mkazi akhale fisi wodya mwamuna, pakuti kusinthana mano sikuthetsa kulumana. Yambirani pamene agogo analekezera. Iwo anatha kunena kuti mkwati angakhale cirombo, koma namwali wao anamsiya m'dengu. Ikani sompho m'manja mwace, aseme nguli yekha. Mlembeninso mkamwini amene analimba mtima nanena usana kuti ali ndi njala, ndi bambo amene anabwera ndi uci nauika pamphasa pamaso pa onse, tione ngati ulemu wace unacepa. Ndipo mukafika kumapeto, musapacike mcira. Khulupirirani owerenga anu monga agogo anakhulupirira adzukulu ao, pakuti nkhani yosimbidwa bwino imadziwa yokha khomo limene ikagogode.